Chimbale cha Esau pa Chikweo

Madzulo ano pamalo ochajira mafoni pa Chikweo, mnyamata wina anaika Warm Heart of Africa, chimbale cha The Very Best cha 2009, chimene Esau Mwamwaya anajambula ndi anyamata a Radioclit atakumana ku London. Mawu ndi Chichewa chathu chomwechi, koma ng'oma zake n'za pakompyuta, zikugunda ngati zili mumgolo, kiyibodi nayo ikulira mwachilendo. Olemba za nyimbo ku Britain ndi ku America anachiyamikira kwabasi, mpaka M.I.A. ndi Ezra Koenig anaimbamo. Kuno? Amayi ogulitsa mandasi anangofunsa kuti, "Achimwene, sipikayo yawonongeka kapena?" Pasanathe mphindi ziwiri ndinawaona akugwedeza mapewa ngati ali ku manganje.