Galimoto ya Atsibweni Inandiulula

Abale anga a pa mgodi, ine ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide ku Penhalonga, amene ndimalemba maina ndi matikiti anu. Ku sukulu ya mishoni anandiphunzitsa kulemba ndi kuwerengera, koma za magalimoto ai, ndipo cifukwa cace ndinagwa m'manyazi amene ndifuna kukuuzani.

Atsibweni anga amakhala ku Morningside, mu mzinda wa Mutare, umene makolo athu anautcha Umtali kufikira 1982. Ali ndi galimoto yoyera ya Toyota, yocokera ku Japan, imene amaisamala ngati mwana. Pa boneti ndi pa madigadi onse awiri anamatapo cikopa ca pulasitiki coonekera ngati madzi, cotchinjiriza utoto ku timiyala. Cikopa cimeneci cinayamba ndi kampani ya 3M m'zaka za m'ma 1960, pa nkhondo ya ku Vietnam, pamene mcenga unali kudya mapiko a ndege za helikopita. Lero eni magalimoto ndiwo acikonda.

Tsiku lina Loweruka ndinabwereka galimotoyo kuti ndikaonekere kwa makolo a mtsikana amene ndifuna kukwatira. Atsibweni ndiwo ankhoswe anga, ndipo anabvomera msanga. Ndinadutsa bwino Christmas Pass, koma pa mseu wafumbi wa ku mgodi ndinakumana ndi lore ya miyala. Mwala umodzi unagwa nung'amba cikopa ca pa madigadi a kumanzere. Utoto sunapweteke konse. Cikopa cinagwira nchito yace.

Munthu wanzeru akadapita kukanena. Ine ndinaopa. Ndinathamangira ku galaja ina m'tauni, ndipo mmisiri anasenda cikopa cong'ambikaco namata catsopano. Ndinalipira madola 60. Kunali kutada, ndipo pansi pa nyali ya m'galaja zonse zinaoneka zofanana. Ndinabweza galimoto usiku, mtima uli m'malo.

M'mawa wa Lamlungu, pocokera ku calici, atsibweni anandiitana pabwalo. Dzuwa linali litakwera. Abale, ndinayang'ana galimoto ija ndipo miyendo inalefuka. Madigadi a kumanzere anali mbee ngati ufa woyera, koma boneti, pafupi pomwepo, inali ngati mgaiwa. Ngakhale mwana akadaona.

Anati, "Mwana wa mlongo wanga, galimoto yanga yakhala mitundu iwiri liti?"

Ndinagwada ndi kuti, "Pepani atsibweni, mmisiri wandinyenga, waika cikopa ca mtundu wina."

Iwo anaseka pang'ono, kuseka kosakondwa. Anatsegula citseko nandionetsa utoto wa m'kati, kumene dzuwa silifika. Unali wofanana ndi madigadi atsopano aja. Apo ndinazindikira kuti mmisiri sanalakwe. Cimene cinasintha ndi cikopa cakale. Dzuwa limapsereza pulasitiki ndi ulimbo wace pang'ono pang'ono, fumbi nalo limalowerera, mpaka coyera cisanduka cacikasu. Mwini galimoto saona kanthu cifukwa mbali zonse zikalamba pamodzi. Ukaika catsopano pa mbali imodzi, ukalamba wa zinazo uonekera poyera. Galimoto yoyera ndiyo iulula msanga. Pa yofiira bvuto limakhala lina: utoto wosaphimbidwa ndiwo ucita mbuu, pamene wa pansi pa cikopa ukhalabe wowala.

Ndinafunsa ngati sopo angathandize. Anati sopo acotsa litsiro la pamwamba lokha, koma cikasu ciri m'kati mwa pulasitiki. Mankhwala ace ndi kusenda boneti ndi madigadi enawo, zonse zikhale za tsiku limodzi, ndi kuziyang'ana pa dzuwa usanalipire.

Za mwala sanakwiye, pakuti iwonso anagwira nchito pa mgodi ndipo mseu umenewo audziwa. Cimene cinawapweteka ndi kubweza galimoto usiku. Anati, "Ine ndikaimirira pamaso pa eni mwana wamkazi, ndidzanena kuti mnyamata uyu sabisa kanthu. Tsopano ndikanene ciani?"

Ndinasowa coyankha. Tinapangana kuti ndidzalipira cikopa conse ca kutsogolo, pang'ono pang'ono pa malipiro a miyezi itatu, ndipo za cinkhoswe sadzayankhula kufikira ngongole itatha. Mwezi umodzi ndalipira kale. Kwa mtsikana ndimapita pa kombi, ndipo amai ace andifunsa kawiri kumene kunapita galimoto yoyera ija.