Gulu 2 linandichititsa manyazi

Chaka chatha mayi anandipempha kuti ndiziwathandiza kuwerengera ndalama za banki m'khonde yawo. Anzawo ambiri amalipira pafoni, ndiye mameseji anali mbwee. Ine poti ndine wa digiri ndinati, aaa, zazing'ono izi. Ndinalemba kapulogalamu ka Python kokhala ndi regex, kamzere ka zizindikiro kamene kamasanthula meseji n'kutolamo zomwe ukufuna.

Mu regex, chilichonse chomwe wachitsekera m'mabulaketi chimakhala gulu, ndipo magulu amapatsidwa manambala kuyambira kumanzere. Kwa ine gulu 1 linali tsiku, gulu 2 ndalama. Zinkayenda bwinobwino.

Usiku wina ndinafuna kuti kazitolanso ola lomwe munthu walipira. Ndinaika mabulaketi ena pakati pa tsiku ndi ndalama, n'kukagona. Sindinaganize kuti ndalama zasunthira ku gulu 3. Kapulogalamu kanapitiriza kufunsa gulu 2, ndipo mayi wina yemwe anatumiza K20,000 nthawi ya 14:05 analembedwa kuti wapereka K14. Kompyuta sinadandaule, poti 14 nayonso ndi nambala.

Mayi anga anawafunsa mayiwo pagulu. Iwo anangotulutsa foni n'kuonetsa meseji. Madzulo ake mayi anangoti, "Iwe, sukulu yonse ija?" Nsima sinatsike.

M'mawa mwake ndinakhala pansi kuwerenga malangizo a re, laibulale ya regex ya Python. Kani gulu ungalipatse dzina! Umalemba (?P<ndalama>[\d,]+), kenako umaliitana ndi group("ndalama"). JavaScript inalandira zimenezi mu 2018, koma kumeneko P uja palibe. Chinandisangalatsa n'choti nambala siichoka ayi. Laibulale imasunga kandandanda kolumikiza dzina lililonse ndi nambala yake, mu Python kamatchedwa groupindex. Ukawonjezera mabulaketi, kandandandako kamakonzedwanso, ndipo "ndalama" imalozabe ndalama.

Kukonzako kunanditengera mphindi zochepa. Chovuta chinali kupita kwa mayi aja. Ndinayenda wapansi, n'kuwapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinayamba kufotokoza za magulu ndi mabulaketi, iwo akungondiyang'ana. Ndinasiya, n'kunena kuti, "Pepani mayi, wolakwa ndine, osati mayi anga."

Anandiuza kuti ndikanene zomwezo pagulu, pomwe iwo ananyozekera. Lachinayi lotsatira ndinapita.