Kuchokera ku Chilomoni Mpaka ku Johannesburg ndi Ana Aŵiri

Ife a ku Chilomoni tidazoloŵera kuona ndege zikuzimirira kuseri kwa phiri la Michiru potsikira ku Chileka, ndipo ana athu ankathamangira panja kukazikweza manja. Koma kuikweza manja ndege ndi kuikwera uli ndi khanda kumsana ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Izi tidaziona m'mwezi wa June chaka cha 2017, pamene tidanyamuka kukaona abale ku Johannesburg tili ndi mnyamata wa zaka zinayi ndi mlongo wake wa miyezi 10.

Njira imeneyi si yachilendo kwa Amalaŵi. Agogo a ana ameneŵa ankakwera ndege za Wenela pa Chileka pomwepo kupita ku Francistown, kumene ankaloŵa sitima ya pamtunda ya ku migodi, kufikira Dr. Banda ataletsa ulendowo mu 1974. Iwowo ankapita amuna okhaokha, aliyense ndi kabokosi kake. Lero pamzere womwewo paima amai a Mvano obereka makanda, ndipo nzeru za agogo aja siziŵathandiza konse.

Ulendo wa mwana umayambira pa mapepala, miyezi ingapo tsiku lisanafike. Mwana aliyense, ngakhale woyamwa, ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake. Saloŵera pa ya mai wake. Kuyambira mu June 2015 boma la South Africa lidalamulanso kuti mwana woloŵa m'dzikomo akhale ndi chiphaso cha kubadwa chosonyeza maina a makolo, ndipo ngati kholo limodzi latsala, lilembe kalata yolumbira yovomereza ulendowo. Ife tidapulumuka chifukwa mkulu wina wa mpingo adatichenjeza msanga, tidakatenga ziphasozo ku National Registration Bureau. Mai wina amene adali patsogolo pathu sadachite mwai wotere. Adatulutsa kalata ya ubatizo ya mwana wake, yosungidwa bwino m'kati mwa buku la nyimbo, nadabwa kumva kuti siikwanira. Tidamsiya atakhala pa sutikesi akupukuta misozi ndi chitenje. Kalata ya ubatizo njolemekezeka pamaso pa mpingo, koma pachipata cha dziko amafuna ya boma. Lamulolo adalifeŵetsa mu 2019 kwa ana a maiko ena oyenda ndi makolo ao, komabe ife tikuti nyamulani mapepala onsewo, makamaka ngati wopita ndi mwana ndi azakhali kapena agogo, ndipo funsani pogula tikiti. Paja safunsa adadya phula.

Tsiku lonyamuka, ŵerengerani mseu. A ku Machinjiri ali pafupi ndi Chileka, a ku Ndirande nawonso safika patali asanaone mphambano ya pa Kameza. Koma a ku Bangwe ayenera kudutsa Limbe ndi Chichiri yense, ndipo m'maŵa galimoto zimayenda ngati zoperekeza maliro. Fikani pabwalo maola atatu nthaŵi isanakwane. Operekeza asachuluke. Ife tidabwera ndi minibasi yodzaza, ndipo pamene onse adayamba kutsazika, mnyamata wathu adaganiza kuti tikupita kosabwerera, nagwira mwendo wa agogo ake osafuna kuusiya. Pemphero la ulendo likadachitikira kunyumba usiku wake, pamene mitima idali m'malo.

Masutikesi aakulu mumasiyana nawo pa sikelo, simuŵaonanso mpaka mutafika. Chotero moyo wonse wa mwana ukhale m'kachikwama ka m'manja: mateŵera oposa amene mukuganiza, zovala zosinthira za mwana ndi malaya amodzi a mai, mankhwala, kabuku ka kuchipatala, mabisiketi, ndi choseŵeretsa chimodzi chosalira. Achitetezo salola zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 m'botolo limodzi, koma mkaka ndi phala la khanda amazilola mukazionetsa poyera. Koposa zonse, zitenje ziŵiri. Sitidaonepo katundu wina wogwira ntchito zambiri chotere: pa Chileka munthu amayenda pansi kukafika pa ndege nakwera makwerero, ndipo mai wobereka ali ndi manja onse aŵiri, lina la chikwama lina la mwana woyenda. M'ndegemo chitenje chomwecho chidasanduka bulangete, mtsamiro, ndi chophimba poyamwitsa.

Mwana wosakwana zaka ziŵiri amakhala pamiyendo, ndipo otumikira m'ndege amapereka kalamba kakang'ono kolumikiza ku lamba wa kholo. Wamkuluyo tidamuika pazenera, ndipo tidachita bwino. Ndege itadzuka adaona malata a nyumba akung'anima ngati mchenga, mapiri amene amaŵayesa aatali atagona pansi, kenaka mitambo yokhayokha. Adafunsa ngati Mulungu amakhala pamenepo. Bambo wake adayankha mwachidule kuti za izo tidzakamba Lasabata. Chimene tidaiŵala ndicho kupita naye kuchimbudzi tisanakwere. Chizindikiro cha lamba chikayaka palibe woimirira, ndipo mphindi 15 zimenezo zidatalika kuposa ulaliki wa pa Pasaka.

Tsono za makutu, pakuti apa ndi pamene makolo ambiri amasoŵa chochita. Mpweya wa m'ndege ngwopepuka, wonga wa pamwamba pa phiri la Zomba kapena kupitirirapo pang'ono. Ndege ikamatsika mpweyawo umalemeranso, nukankha kachikopa ka m'kati mwa khutu. Pali kanjira kochokera m'khutu kutsikira kummero kamene kamatseguka munthu akameza kapena kuyasamula, ndipo mpweya wa mbali ziŵirizo umalingana. Mwa ana kanjirako nkakang'ono, ndipo chimfine chimakatseka msanga. Khanda lolira potsika silikuchita mwano ai. Likumva kuŵaŵa kwenikweni. Mankhwala ake ndi bere. Musaliyamwitse mpaka kukhuta ndege ili pamwamba, koma dikirani mpaka mumve kuti yayamba kutsika, pafupifupi theka la ola isanatere. Wamkulupo mpatseni madzi omwa pang'onopang'ono kapena siwiti yoyamwa, ndipo ngati wagona mudzutseni, chifukwa wogona sameza kaŵirikaŵiri. Mwana amene khutu likumupweteka kale aonedwe kuchipatala ulendo usanafike. Lathu lidalirabe pang'ono, ndipo tidachita manyazi, kufikira bambo wina wa imvi wa mpando wa kumbuyo adayamba kuliseŵeretsa ndi chipeŵa chake.

Ulendo wonse udali wa maola aŵiri ndi mphindi zoŵerengeka, ndipo koloko sitidaisinthe, pakuti nthaŵi ya kumeneko ndi yathu yomweyi. Chosiyana ndi kuzizira. Johannesburg ili pamtunda kuposa Blantyre, ndipo chisanu cha June kumeneko chimaposa chiperoni chathu. Majuzi ndi zipeŵa za ana zikhale m'manja, osati pansi pa sutikesi. Bwalo la OR Tambo nalo ndi mudzi wathunthu, makonde ake osatha. M'thumba la mnyamata wathu tidaikamo kapepala ka dzina lake ndi nambala ya foni ya amalume ake, ndipo dzanja lake sitidalitaye.

Patapita masiku asanu khanda lija lidatentha thupi usiku. Kumeneko malungo saaganizira msanga, chifukwa mumzindawo mulibe udzudzu wofalitsa nthendayi monga kwathu kuno, pamene mwana akhoza kunyamuka nayo m'magazi ali wosekerera. Tidauza dokotala mau oyamba kuti tachokera ku Malaŵi, tidamuonetsa kabuku ka kuchipatala kaja, ndipo adayeza magazi nthaŵi yomweyo. Adapeza kuti ndi chimfine chabe. Pobwerera, ndege itayamba kutsikira ku Chileka, mnyamata wathu ndiye adagwedeza mai wake kuti ayamwitse mwana, iye mwini siwiti ili kale m'kamwa, maso ali pazenera kufunafuna Michiru.