Mlakatuli wa pa Thanthwe

Munthu akamayang'ana chithunzi chotchedwa The Bard, chimene John Martin anajambula m'chaka cha 1817, maso amayamba agwera pa mapiri. Ndi mapiri oopsa, ansonga zoyera ndi chisanu, ndipo pakati pawo pakutsika mtsinje wolusa. Kumanzere kuli linga lalikulu lamiyala, ndipo asilikali a mfumu Edward I ya ku England akutsetsereka m'njira yokhotakhota, ali mbwee ngati linthumbu. Pamatenga kanthawi kuti mwini nkhani aoneke. Ndi nkhalamba yandevu zoyera, yaima yokhayokha pamwamba pa thanthwe kumanja, zeze ali m'dzanja, dzanja linalo yatukula.

Nkhalambayo ndi mlakatuli wa ku Wales. Kale m'dzikolo mafumu ankasunga alakatuli pabwalo pawo, anthu oloweza maina a makolo a mfumu, nkhondo zake ndi maliro a akuluakulu. Edward anagonjetsa dzikolo m'zaka za 1282 ndi 1283. Mtsogoleri wawo, Llywelyn ap Gruffudd, anaphedwa mu Disembala 1282 pafupi ndi Cilmeri, ndipo m'bale wake Dafydd ananyongedwa ku Shrewsbury chaka chotsatira. Patapita nthawi kunabuka mbiri yakuti Edward analamula kuti alakatuli onse aphedwe, kuopa kuti nyimbo zawo zingadzutse anthu. Mu 1757 Thomas Gray anasindikiza ndakatulo ya mbiriyo: mlakatuli wotsiriza akutemberera mfumu ndi zidzukulu zake, kenaka akudziponya mumtsinje wa Conwy. Martin anasankha kujambula nthawi ya tembererolo.

Akatswiri a mbiri yakale amakana zoti alakatuli anaphedwa chotero. Gruffudd ab yr Ynad Coch analira Llywelyn m'ndakatulo imene ikuwerengedwabe, ndipo m'zaka za m'ma 1300 kunabwera Dafydd ap Gwilym, amene ambiri amati ndiye mlakatuli wamkulu wa chinenerocho. Mapirinso Martin anawakokomeza ndithu. Phiri lalitali koposa ku Wales, Yr Wyddfa, limene Angerezi amati Snowdon, ndi la mamita 1,085 okha. Wozolowera kuona Mulanje, amene amapitirira mamita 3,000, angangoliyesa chitunda.

Komabe chithunzichi sichiyenera kutayidwa ngati chabodza. Chimene chinachitika n'chopanda phokoso, ndipo mwina n'chowawa koposa lupanga. Mabwalo a mafumu amene ankadyetsa alakatuli anatha, oimbawo n'kumayendayenda m'makomo mwa eni minda kufuna chakudya. Mu 1283 Edward anayamba kumanga malinga ku Conwy, Caernarfon ndi Harlech. Kenaka lamulo la 1536 linati milandu izizengedwa m'Chingerezi, ndipo wogwiritsa ntchito chinenero cha makolo ake asapatsidwe udindo m'boma. Zinthu zotere n'zovuta kuzijambula. Kodi munthu wochita manyazi kulankhula chikwawo pamaso pa mlembi wa boma angajambulidwe bwanji? Martin anajambula munthu mmodzi wochepa kuyang'anizana ndi chikhamu, ndipo pamenepo sananame. Anamuikanso pamwamba, kotero kuti mfumu ndi akavalo ake ndiwo ayenera kukweza maso. Chinenerocho sichinadziponye mumtsinje: kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 538,000 ochilankhula ku Wales.

Chodabwitsa n'chakuti Gray ndi Martin onse anali Angerezi, a mtundu wa wogonjetsayo. Martin anabadwa mu 1789 ku Haydon Bridge, ndipo luso lake anayambira ku Newcastle, kupenta zizindikiro za mabanja olemera pa ngolo za akavalo. Mwana weniweni wa ku Wales, Thomas Jones, anali atajambula kale nkhani yomweyi mu 1774. Chake n'chachisoni koposa: mtengo wothyoka ndi mphepo, mitembo ya alakatuli anzake ili pansi, ndipo nkhalambayo ili pafupi, yooneka bwino.

Martin anajambula The Bard kawiri. Chimodzi chili ku Newcastle, china chinaoloka nyanja ndipo chili ku New Haven, ku America. Cha Jones ndicho chili kwawo, ku Cardiff.