Kuchokera ku Mapanga a Chongoni Mpaka ku Zilumba za Maleri

Ife a kunyanja tinazolowera kuganiza kuti nyanja imayambira pamchenga pomwe timakocheza mabwato athu. Koma madzi amene amatipatsa usipa ndi chambo amayamba ulendo wawo kutali, kumapiri a kumadzulo komwe ambiri mwa ana athu sanapondeko. Nchifukwa chake ife aphunzitsi a madrasa kuno ku Salima, pamodzi ndi makolo angapo ndi ana a kalasi yaikulu, tinakonza ulendo wa mbali ziwiri pa tchuthi cha mwezi wa Epulo, mvula itangoyamba kukata: poyamba kukwera ku Chongoni m'boma la Dedza, ndipo kenaka kutsika ndi kuwolokera ku zilumba za Maleri. Tinafuna kuti ana aone ndi maso awo chimene chimalumikiza malo awiriwa.

Kukwera ku Dedza

Tinanyamuka titangoswali Fajr ndipo tinatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka pa Golomoti. Pamenepo tinakhotera kumadzulo ndi kuyamba kukwera chitunda cha Khwekhwelere, msewu wokhotakhota umene unachititsa amayi ena kutseka maso ndi kutchula Allah pa khona iliyonse. Titafika pamwamba tinaimitsa galimoto ndi kucheuka. Nyanja yonse inaoneka pansi pathu ngati nsalu yoyalidwa, ndipo ana amene amasambamo tsiku ndi tsiku anangoti kukamwa yasa, pakuti anali asanaionepo ali pamwamba pake.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kotero mwana wa kunyanja amanjenjemera ngakhale dzuwa likuwala. Amene mudzapite ndi banja musadzaiwale majuzi ndi mabulangete, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Popeza mtunda umene tinayenda unaposa makilomita 80, tinapezerapo mwayi wophunzitsa ana malamulo a swala ya pa ulendo, amene kale ankangowaloweza m'kalasi. Tinafupikitsa Zuhr ndi Asr ndi kuziphatikiza, titatawadha ndi madzi ozizira ngati a m'firiji. Asilamu ku Dedza alipo ndithu, ndipo mzikiti ndi chakudya cha halali sizisowa m'tauni.

Zimene zinalembedwa pamiyala

Nkhalango ya Chongoni ili kumpoto kwa tauniyi, ndipo yakhala yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1924. M'mapiri ake ndi m'madera ozungulira muli mapanga ndi matanthwe 127 omwe ali ndi zojambula zamakedzana, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Ife tinasankha Chentcherere, pafupi ndi sukulu ya zankhalango, chifukwa njira yake ana ndi agogo omwe angathe kuyenda.

Bambo amene anatitsogolera anatiwonetsa mitundu iwiri ya zojambula. Zofiira, zomwe ndi mizere, madontho ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo akatswiri amati zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanafike. Zoyera zinapakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo ndi za Achewa: zina zinali zophunzitsira atsikana pa chinamwali, zina ndi za Nyau. Mu 1972 katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere ndi kupeza zida za miyala ndi zotsala zina za anthu amene ankakhalamo. M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo, mapiri omwewa anasanduka pobisalira anthu othawa. Mbiri imeneyi sitinaibise kwa ana, pakuti ena mwa ochita malondawo ankachokera kunyanja kwathu komwe kuno.

Mtsikana wina anafunsa funso limene makolo ena anali nalo mumtima. "Mwalimu, kodi Msilamu akuloledwa kuona zinthu za Nyau?" Tinamuyankha kuti: "Mwanawe, sitinabwere kudzapembedza mwala kapena kudzapempha kanthu kwa mizimu. Wopembedzedwa ndi Allah yekha. Tabwera kudzaona zizindikiro za anthu amene anakhalako ife tisanabadwe, ndipo Qur'an m'malo ambiri imatilimbikitsa kuyenda pa dziko ndi kulingalira za mibadwo yakale." Tinawakumbutsanso kuti eni mwambowu ndi anansi athu, timagulana nawo nsomba ndi mbatata, kotero kunyoza kapena kuseka pamalo awo si khalidwe la Msilamu.

Chimene chinatimvetsa chisoni ndi maina a anthu a masiku ano olembedwa ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambulazo. Chinthu chimene chapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka mazanamazana, mlendo wa tsiku limodzi amachiwononga m'mphindi imodzi.

Kutsatira mtsinje

Potsika phiri tinaimitsa ana pa kamtsinje kamene kamatuluka m'nkhalango, ndipo tinatunga madzi m'botolo. Anali oyera mbee. Titafika pa mlatho wa Linthipe pa msewu wa M1 tinatunganso m'botolo lina, ndipo madzi ake anali ofiira ngati thobwa. Pakati pa malo awiriwa pali minda yolimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, mapiri ometedwa mpala, ndi matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu.

Timitsinje ta ku Chongoni timathira mu Linthipe. Mtsinjewu umayenda chakumpoto ndi kum'mawa, umalandira madzi a Diamphwe ndi Lilongwe, ndipo umakathira m'nyanja m'boma lathu la Salima, moyang'anizana ndi zilumba za Maleri. Tsono dothi lambiri limene mvula yakokolola ku Dedza ndi ku Lilongwe limathera pakhomo pathu.

Pa zilumba

Patapita masiku awiri tinakwera boti la injini ku Senga Bay, aliyense atavala chovala choyandamitsa. Zilumbazi ndi zitatu: Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Zili mbali ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa pa mndandanda wa UNESCO mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Lamulo limateteza zilumbazi pamodzi ndi madzi ozungulira mpaka mamita 100 kuchokera kumtunda, ndipo m'menemo simuloledwa kuponya ukonde kapena mbedza. Pamtunda ndi poletsedwa kudula mtengo kapena kutchera msampha.

Tinaona nkhwazi zili pamitengo ya malambe, ng'azi zikuothera dzuwa pamatanthwe, ndipo anyamata atavala magalasi osambira anaona mbuna, tinsomba ta buluu, tachikasu ndi tamizeremizere, timene asodzi satiwerengera chifukwa ntating'ono. Subhanallah! Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Mitundu yambiri ya mbuna simachoka pa miyala pomwe inabadwira, kotero mtundu wina umapezeka pa chilumba chimodzi chokha pa dziko lonse. Pakawonongeka pamenepo, palibe kwina kokautenga.

Apa ndi pomwe botolo la madzi ofiira lija linayamba kulankhula. Chakudya cha mbuna ndi ndere zomera pamiyala, ndipo ndere zimafuna kuwala kwa dzuwa. Linthipe akasefukira, matope amafalikira mpaka ku zilumba, amatchinga kuwala ndi kukwirira miyala. Mwini boti anatilozera mzere pamadzi pomwe ofiira amakumana ndi obiriwira. Nayo mpasa, imene imakwera mitsinje ngati Linthipe ndi Bua kukaikira mazira pa timiyala toyera, imasowa poswera timiyalato tikakwiririka. Ndime 41 ya Surat Ar-Rum imatchula chionongeko cha pamtunda ndi cha panyanja pamodzi, ndipo imaloza ntchito za manja a anthu. Tsiku limenelo ana sanafune wowamasulira.

Mbali yathu

Nkosavuta kuloza chala anthu a kumapiri, koma tidzifunse: kodi thumba la makala limagulidwa ndi yani? Nanga nkhuni zowambira nsomba ndi zootchera njerwa za nyumba zathu, ngakhale za mizikiti yathu, zimachokera kuti? Wodula mtengo ndi wogula makala agwira nkhwangwa imodzi. Allah anatiika pa dziko ngati akhalifa, osunga chimene si chathu, ndipo tidzafunsidwa za amana imeneyi.

Titabwerako, komiti ya madrasa inagwirizana zinthu zitatu: kufesa mbande za mitengo kuseri kwa mzikiti kuti mwana aliyense adzale ndi kusamala mtengo wake mvula ikagwa, kupempha makolo olima m'mbali mwa mitsinje kusiya mpata wa bango ndi mitengo pakati pa munda ndi madzi, ndi kulimbikitsa amayi kugwiritsa ntchito mbaula zosatha nkhuni. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti mtengo umene munthu wadzala, chimene mbalame kapena nyama yadyako chimalembedwa ngati sadaka yake.

Mabanja ofuna kupita ku zilumba apewe miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, alipire chiphaso cholowera, asadzaze boti mopyola muyezo, ndipo abwerere ndi zinyalala zawo zonse. Koma pempho lathu ndi lakuti musapite ku zilumba kokha. Yambani mwakwera ku Chongoni, mutenge mabotolo awiri opanda kanthu, ana atunge okha. Allah atipatse maso oona zizindikiro zake ndi manja osunga zolengedwa zake. Amin.