Nsato Yamanyazi Ikakana Mbewa

Mwa njoka zimene anthu amaweta m'nyumba ku Britain, ku America ndi ku South Africa, imene imasowetsa eni ake mtendere kwambiri ndi ball python. Ndi nsato ndithu, koma yaing'ono: kawirikawiri sipyola mita imodzi ndi theka, pamene nsato ya kuno kwathu imafika mamita 4 kapena kuposa. Kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo zambiri zogulitsidwa kunja zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin. Ikaopsezedwa siluma kawirikawiri, imangodzipinda n'kubisa mutu pakati pa thupi. Vuto lake ndi kudya. Imatha kukhala miyezi ingapo osalawa kanthu.

Woweta watsopano akaona zimenezi mtima umakhala m'mwamba. Amatsegula bokosi m'mawa ndi madzulo, kuinyamula, kuitembenuza, kuigunditsa mbewa kukamwa. Ife amene takhala pa ntchitoyi timati apo ndiye akuipitsiratu zinthu, chifukwa njoka yokana chakudya nthawi zambiri sikuti ikudwala, ikuopa.

Kutchire nsatoyi imathera usana wonse m'una wa makoswe kapena m'chulu, malo amdima, ofunda ndi othina, n'kumatuluka kukada. Tsono woweta wodziwa amayamba ndi nyumba, mbewa pambuyo. Amaika pobisala pawiri, pena mbali yofunda pena mbali yozizirirapo, ndipo pakhale pothina moti njoka ikalowa thupi likhudze makoma. Mbali yofunda ikhale madigiri 31 kapena 32, inayo 25 kapena 26, mpweya usaume kwambiri. Bokosi lagalasi limakongoletsa pabalaza, inde, koma njokayo imadziona kuti ili pambalambanda, choncho ambiri timaphimba mbali zitatu ndi pepala. Akatero woweta aisiye kwa sabata imodzi kapena ziwiri osaigwira. Pamenepa mpomwe anthu ambiri amalephera.

Kudyetsa kwenikweni kumachitika usiku, nyale zitazimitsidwa. Mbewa yakufa ya mufiriji imasungunulidwa bwinobwino mpaka m'kati, kenako imaikidwa m'kapepala ka pulasitiki n'kuviikidwa m'madzi otentha pang'ono kuti ifunde, makamaka mutu. Kufundako n'kofunika chifukwa nsato ili ndi timaenje m'mphepete mwa mlomo timene timamva kutentha kwa nyama ngakhale mumdima. Mbewa yozizira, njoka imangoidutsa ngati mwala. Kukula kwa mbewa kufanane ndi pamene njoka yanenepa kwambiri. Woweta amaigwira ndi chopanira chachitali, osati ndi zala, n'kuiyendetsa pang'onopang'ono pafupi ndi khomo la pobisala. Poyamba limatuluka ndi lilime, kulawa fungo mumpweya. Kenako mutu umasuzumira, khosi n'kupindika kubwerera m'mbuyo. Apa dzanja lisanjenjemere. Ikajompha imazinga mbewayo n'kuifinya ngakhale inafa kale, ndipo woweta amatseka bokosi mwakachetechete n'kuchokapo. Zina zamanyazi kwambiri sizijompha n'komwe munthu ali pomwepo. Zikatero mbewa imasiyidwa pakhomo usiku wonse, kukacha yapita.

Khoswe wamoyo sasiyidwa pamodzi ndi njoka popanda womuyang'anira. Njoka ikapanda kumufuna, iye amayamba kuitafuna msana, ndipo zilonda zake zimatha kuipha.

Pali nthawi zina pamene kukana n'kwachibadwa. Njoka ikatsala pang'ono kufundula, maso amachita chifunga, khungu limathimbirira, ndipo sifuna zosokoneza. Zamphongo zambiri zimaleka kudya nyengo yokwerana. Wosatsutsika pa nkhaniyi ndi sikelo: njoka yaikulu imene yakhala miyezi osadya koma kulemera sikukutsika kwenikweni ingosiyidwa, n'kumayesedwa pakatha sabata kapena masiku 10. Koma ikamaonda mpaka fupa la msana kuonekera, ikamapuma mokoka kapena kutuluka mamina kukamwa, imeneyo ndi ya dokotala wa ziweto. Kuikankhira chakudya kukhosi ndi njira yomaliza, ndipo si ya wophunzira kumene. Ana ongoswedwa alibe mafuta okwanira, sangadikire nthawi yaitali ngati zazikulu.

Zonsezi zikakanika, timasintha ndiwo. Nsato zogwidwa kutchire zambiri sizizindikira mbewa yoyera yowetedwa kuti ndi chakudya, koma zimadzuka zikamva fungo la Mastomys natalensis, mbewa ya ku Africa imene oweta a ku Ulaya amachita kuiweta padera chifukwa cha njoka zoterezi. Ndi kapuku yemweyu amene anyamata amakumba m'minda akakolola chimanga n'kumagulitsa pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1. Chovuta chake n'chakuti njoka ikazolowera kapuku ikhoza kukaniratu makoswe ena onse, choncho ena amangopaka fungo lake pa khoswe wamba, pomugubuduza mu utuchi wochokera m'khola la akapuku. Njoka ikameza, isagwidwe kwa maola 48, kuopa kuti ingasanze.