Utsi wa ku Morteau

Kwathu ku Morteau, m'mapiri a Jura kufupi ndi malire a France ndi Switzerland, soseji sitiotcha ayi, timaifukiza utsi. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Lawi la moto likangotulukira m'nyumba yofukizira, mafuta amasungunuka, chikopa n'kuchita makwinya, ntchito yonse n'kuwonongeka.

Ntchito imayambira kukhola. Nkhumba zathu zimamwa madzi otsala popanga tchizi cha Comté, ndipo mafuta ake amakhala oyera, olimba. Nyamayo sindiipera kwambiri. Munthu akadula soseji azionamo nyama payokha, mafuta paokha. Ndikathira mchere ndimaiphatika m'matumbo a nkhumba otsuka bwino, kunenepa kwake kosachepera mamilimita 40. Mbali ina ndimamanga ndi chingwe, inayo ndimatseka ndi kamtengo kosongola. Ogula amayamba ayang'ana kamtengoko.

Chimene ndimachikonda koposa ndi tuyé, chumuni yamatabwa yotakata pansi n'kumaning'a kumwamba, yomwe makolo athu ankaimanga pakatikati pa nyumba. Soseji timazipachika m'mwamba, pansi n'kuyatsa utuchi wa mitengo ya mtundu wa paini yomera m'nkhalango zathu zomwezi. Utuchiwo uzingonyeka pang'onopang'ono, utsi uzikwera utazirala. Pamwamba pali zitseko ziwiri zotsegula ndi kutseka molingana ndi mphepo, ndipo apa mpamene pagona luso. Tsiku lachinyontho utsi umalemera, umafuna mpata. Mphepo ikakula umathamanga osakhudza nyama, ndiye umautsekereza. Zimenezi wotchi singakuuze. Mphuno ndi chikhatho ndizo zimadziwa.

Chiyambire 2010, dzina la soseji ya Morteau lili ndi chitetezo cha malamulo a ku Ulaya, ndipo lamulolo limafuna maola osachepera 48 mu utsi. Ine ndimagwirizana nalo kwathunthu. Alipo ena kwina amene amangopaka nyama madzi onunkhira utsi kuti katundu atuluke msanga. Mtundu umaoneka ndithu, koma ukaluma mkati mulibe kanthu, ndipo zimandiwawa kuona zotere zikutchedwa soseji yofukiza.

Inu ogula, dziwani kuti soseji imeneyi ndi yaiwisi ngakhale yafiira chonchi. Iikeni m'madzi ozizira, ibwate pamoto wochepa mphindi pafupifupi 40. Chonde musaibaye ndi foloko, msuzi wake wonse ungathere m'poto.